Buku la Achule a Nkhungu

Highlands, Livingstone
14 Sepitembala 2022

Mlongo wanga wokondedwa Keziah,

Ndikupereka moni kwa inu ndi kwa onse okhala m'nyumba ya malemu atate athu. Ine ndili moyo, ngakhale maso akunka nachita chidima, kotero kuti kalata imene kale ndinkailemba m'ola limodzi lero ikunditengera m'mawa wonse. Mwana wanga Febby amandikakamiza kuti ndizikuimbirani lamya. Ndamuuza kuti nkhani ya pa lamya munthu angathe kuikana mawa lake, ndipo ine sindinaphunzitse Chilatini ndi mbiri yakale zaka zonse zija kuti ndikakalamba ndizikuwa m'kabokosi.

Nkhani imene ndikulembera ndi yaulemu ku banja lathu. Mukudziwa kuti kuyambira 1951, chaka chimene inu munabadwa, atate athu a Aleki Kamphinda ankalemba m'buku lawo tsiku loyamba limene achule a nkhungu alira pa kasupe wa Namitsitsi, pamwamba pa phiri lathu la Msekeni. Atamwalira mu 1983 bukulo linatsala m'manja mwanu, ndipo chaka ndi chaka mwakhala mukundilembera tsikulo m'kalata. Ine ndakhala ndikukopera masiku onsewa m'kaundula wanga kuno. Mizere yakwana 71, ndipo palibe chaka chodumphidwa.

Sabata yatha kunabwera kudzandizonda Dokotala Njekwa Imwiko, amene ndinamuphunzitsa ali kamtsikana kosadziwa kukhala chete m'kalasi. Si dokotala wa kuchipatala ayi. Ntchito yake ndi yofufuza tizamoyo ta m'madambo ndi m'mapiri. Ataona kaundulayo pa tebulo anafunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinamufotokozera za achule athu: aang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ofanana ndi tsamba louma, osaikira mazira m'madzi koma pansi pa masamba onyowa, olira masana nkhungu ikatsika, kulira kwake ngati munthu akugogoda botolo ndi kasupuni. Ndinamuuzanso kuti achule a kuno ku Maramba, amene amasokosa mvula ikagwa, ndi anthu a pamsika poyerekeza ndi oimba athu aja.

Mwanayo anatsata mizere ya m'kaundulayo ndi chala mpaka kumapeto. Kenaka anati achule otere akutha m'mapiri ambiri, ndipo mbiri ya kasupe mmodzi ya zaka 71 sanaionepo chiyambire ntchito yake. Anandifunsa m'Chinyanja chawo cha m'tauni muno kuti, "Ba Ticha, izi zonse ni zoona?" Ndinamuyankha kuti, "Mwana iwe, a kwa Kamphinda timalakwitsa nyimbo m'tchalitchi, koma sitilakwitsa tsiku." Ndasaina chikalata chochitira umboni kuti mzere uliwonse ndi woona, ndipo iye wachipereka kwa akuluakulu a kuntchito kwake, amene amulola kubwera kumeneko m'Disembala ndi makina ojambulira mawu.

Mumulandire monga mwana wathu, mumuonetse buku la atate, ndipo mumutsogolere ku kasupe kuti akawamve yekha. Mundiuzenso za mawondo anu.

Ndine mlongo wanu,
Webster E. Kamphinda


Msekeni, Dedza
6 Okutobala 2022

Achimwene,

Moni kwa inu ndi kwa Febby. Kalata yanu ndailandira Lachitatu, ndipo ndaiwerenga katatu. Kuno tadzuka. Mawondo alipo, amadandaula potsika koposa pokwera. Kachewere wa kudimba wachita bwino, kungoti mbuzi za eni ake zikundiyesa chikhristu changa.

Za mlendo wanuyo, ine ndikuona kuti mumuuze ayambe wadikira. Msewu wochokera ku boma ikagwa mvula umaterera ngati sopo, ndipo mlatho wa pa Kanjedza watsala matabwa atatu. Nyumba ikudontha kuchipinda kwa alendo. M'Disembala kuno kumazizirabe, ndipo munthu wa kotentha ngati kwanuko akhoza kudwala chibayo, ife n'kusowa choyankha kwa makolo ake. Komanso munthu wophunzira chotero adzapindulanji kwa nkhalamba ya Sitandade 8? Mapiri okhala ndi achule alipo ambiri, ena ali ndi misewu ya phula ndi nyumba zogona alendo. Apite kumeneko.

Buku la atate lakalamba, mapepala ake akuthothoka. Sindifuna kuti lizigwidwagwidwa.

Chikalata mwasainacho, kodi sichingabwezedwe? Ndikungofunsa. Munthu wa msinkhu wanu safunika kumalumbira pa zinthu za kutali zimene sanazione ndi maso ake.

Mundiuze ngati mukumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi monga anakuuzirani. Febby andilembere yekha zimenezi, pakuti inu mudzangoti muli bwino.

Ndine mlongo wanu,
Keziah


Highlands, Livingstone
25 Okutobala 2022

Mlongo wanga,

Moni. Ndayamika pomva kuti mwadzuka, koma sindinayamike china chilichonse m'kalata yanu.

Mwandipatsa zifukwa zisanu ndi chimodzi, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana wobwera ndi zifukwa zambiri wabisa chifukwa chenicheni. Msewu woterera sungabweze munthu amene amalowa m'madambo a ku Barotse madzi ali m'chiuno. Denga lodontha si chamanyazi, atate athu analandirira abusa pansi pa denga lomwelo. Za Sitandade 8 musazitchulenso. Kalata zanu sizinandisowetsepo mtendere ndi kalembedwe kolakwika, chinthu chimene sindinganene za aphunzitsi ena amene ndinagwira nawo ntchito.

Chifukwa chenicheni ndikuchiona, ndipo ndichinena poyera. Mukuganiza kuti ine, amene ndinachoka kumudzi mu 1969 ndi kubwerako komaliza pa maliro a amayi, ndikufuna kutenga buku la atate kuti ndikatchukire nalo kuno. Ngati ndi choncho mwandilakwira. Bukulo silichoka m'nyumba mwanu. Chimene ndikufuna n'chakuti ntchito ya atate idziwike ndisanatseke maso.

Mukufunsa ngati chikalata chingabwezedwe. Ine sindinabwezepo dzina langa pa chinthu chimene ndasaina. Mukuti ndalumbira pa zimene sindinazione. Ndaziona ndi maso anu, ndipo maso anu ndimawakhulupirira koposa anga. Dokotala Imwiko adzafika pa 17 Disembala.

Ndine mlongo wanu,
Webster E. Kamphinda

Baanti, ni ine Febby, nalemba pansi apa batata asanamate envulopu. Musakhumudwe na kakambidwe kawo, mubadziwa kale. Mankhwala bakumwa, koma nikapita kuntchito ku loji ku Nakatindi nifunika kubaikira pa sosa pafupi na wailesi, apo ayi baiwala dala. Nkhani ya achule yabapatsa mphamvu maningi. Bauza onse ku tchalitchi, bauza na wometa tsitsi ku Malota. Chimwalirire amama sininabaonepo bosangalala so.


Msekeni, Dedza
13 Novembala 2022

Achimwene,

Moni. Khalani pansi musanawerenge, ndipo Febby akhale pafupi.

Mwalasa ponena kuti ndabisa chifukwa, koma mwaphonya pochitchula. Buku la atate ndi lanu monga lili langa, ndipo kutchuka kwanu sikungandipweteke. Nkhani ndi iyi. Achule a nkhungu kulibe. Ndinawamva komaliza pa 29 Novembala 2016, ndipo anali awiri okha, wina kumtunda kwa mwala wa atate uja ankakhalapo pomvetsera, wina kumunsi. Masiku asanu amene ndinakulemberani kuyambira 2017 mpaka chaka chatha ndi abodza.

Phiri limene mukulikumbuka si limene lilipo. Mitengo ya katope ndi mwimbi imene inkaphimba kasupe inatha ndi owotcha makala. Otsala anadula olima kachewere, amene akwera ndi minda yawo mpaka pafupi ndi nsonga, ndi mankhwala awo opopera. Sindiwatukwana, pakuti ndi ana a anzathu ndipo kumunsi kuno malo anatha. M'Sepitembala wa 2017 moto unadutsa n'kunyambita masamba onse a pansi amene achule ankabisalamo. Kasupe alipo, koma m'Okutobala amangodontha.

Chaka chimenecho ndinali wokonzeka kukuuzani. Ndiye kunabwera uthenga wa imfa ya akazi anu, alamu anga a Kate, ndipo patapita masabata atatu inabwera kalata yanu. Ndili nayo pano. Munalemba kuti, "Zonse zimene ndinkazidziwa zatha. Chatsala n'chakuti kwathu nkhungu ikatsika achule a atate adzalira, ndipo inu mudzandiuza tsiku." Achimwene, ndikanayankha chiyani? Ndinagwira cholembera masiku anayi. Ndinati ndiname chaka chino chokha, chaka chamawa adzabwerera ndipo bodza lidzakwiririka. Sanabwerere. Chaka chachiwiri kunena zoona kunalemera koposa choyamba, pakuti ndikanayenera kuulula ziwiri.

Kupeka sindikudziwa, choncho masikuwo ndinangowakopera pa tsamba loyamba la atate. Tsiku la 2017 ndi la 1951, la 2018 ndi la 1952, mpaka zaka zisanu. Chaka chilichonse ndinkayembekeza kuti mundigwira, monga munkagwirira ana okopera mayeso. Mwina ndinkafuna kuti mundigwire.

M'buku la atate sindinalembemo bodza ngakhale limodzi. Dzanja linakana. N'chifukwa chake sindinafune kuti mlendo wanu alione, pakuti buku ndi kaundula wanu zikanatsutsana pamaso pake, inu n'kuchita manyazi kwa mwana wa sukulu wanu.

Ndinkati ndikukutetezani, koma ndakulowetsani m'kusaina chabodza. Dzina limene mwalisunga zaka zonsezi ndalidetsa ndine. Sindipempha kuti munene kuti ndinachita bwino. Ndikupempha kuti mukamuuze mayiyo asanawononge ulendo wake, ndipo mukamuuze kuti wolakwa ndine.

Ndine mlongo wanu,
Keziah


Highlands, Livingstone
2 Disembala 2022

Keziah,

Kalata yanu ya pa 13 Novembala ndailandira. Ndafananitsa mizere, ndipo zimene mwanena ndi zoona. Ndachita zoyenera kwa Dokotala Imwiko. Pakadali pano ndilibe mawu ena amene ndingathe kuwasainira.

W. E. Kamphinda


Livingstone
4 Disembala 2022

Baanti okondedwa,

Muli bwanji? Ine nili bwino. Naona kakalata kamene batata bakulemberani, kafupi monga risiti, ndiye nati nilembe yanga kuti mudziwe vamene vinachitika.

Kalata yanu banaiwerenga pa khonde na galasi lawo lija lokulitsa zilembo. Atasiliza banati, "Febby, kaundula." Banaika chala chimodzi pa tsamba loyamba, china pa lomaliza, n'kuyamba kuwerenga mokweza. "24 Novembala, 24 Novembala. 2 Disembala, 2 Disembala." Atafika pa wachisanu banavula magalasi. Banati, "Ndinagwira ana okopera mazana, koma uyu wakhala pa tebulo langa zaka zisanu." Tsiku lija sibanadye.

M'mawa mwake banavala suti yakuda na tayi, kutentha kwa kuno mukudziwa. Nati niitane takisi, bakana. Banayenda pansi kuchoka ku Highlands mpaka ku ofesi ya ba Dokota m'tauni, ine kumbuyo na ambulera, monga tipita ku khoti.

Titalowa, ba Njekwa banaimirira. "Ba Ticha, nkhalani pansi."

"Sindikhala. Ndabwera kudzachotsa dzina langa pa chikalata chija. Mizere isanu yomaliza ndi yabodza. Achule anasiya kulira mu 2016."

"Nindani ananama?"

"Amene anasaina ndine. Zina sizikukukhudza."

Baanti, dzina lanu sibanalitchule. Nine ninakamba, chifukwa ninaona kuti ba Dokota basokonezeka. Batata bananiyang'ana monga nathyola mbale ya alendo.

Ba Njekwa banafunsa, "Manje baanti banadziwa bwanji kuti achule sibanalire?"

Batata bati, "Funso lotani limenelo? Sanawamve."

"Ba Ticha, na ine pano mu ofesi siniwamvela. Kuti munthu akambe ati sibanalire, afunika ankhalepo pamene bayenera kulira. Banapitako kangati? Chaka chimodzi chabe, olo vonse?"

Ine chibadwire sininaonepo munthu wafunsa batata funso n'kubasowetsa chokamba. Ba Dokota baseka pang'ono, bati, "Munaniphunzitsa imwe kuti mboni uifunse pamene inaimirira." Bati ulendo sibasintha, babwera pa 17 monga mwa pulani.

Pobwerera banavomera takisi. Mu njira banangokamba kamodzi, osati kuli ine koma ku windo: "Munthu wa zaka 71, kukwera phiri ndi mawondo amenewo." Sinidziwa ngati ni ukali olo ni chinthu china. Kaundula bautseka mu kabati. Mankhwala bakumwa, osada nkhawa. Ba Njekwa mubalandire chabe, ni munthu wabwino, ndipo badya vilivonse.

Ndine mwana wanu,
Febby


Msekeni, Dedza
8 Januwale 2023

Achimwene,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu ndi kwa Febby. Khirisimasi yadutsa popanda kalata yanu, koyamba chichokereni kuno. Sindikudandaula. Ndikulemba chifukwa munandituma kulandira mlendo, ndipo wotumidwa amabweza mawu.

Mwana wanu wa sukulu anafika pa 17, matope mpaka m'mawondo, galimoto ataisiya kutsidya kwa Kanjedza. Anagwada pakhomo n'kuwomba m'manja mwa chikwawo. Ndinati, "Dzukani mayi, mukugwadira wabodza." Anati, "Baanti, ine nagwadira mawondo yanu." Anagona m'chipinda chodontha chija, beseni lili pambali, ndipo sanadandaule.

Tinakwera m'mawa kanayi. Nkhungu inatsika bwino masiku atatu, yeniyeni ija yonyowetsa nsidze. Anatchera makina ake pa mwala wa atate, tinakhala chete maola awiri awiri. Anatembenuza masamba ndi timitengo towola mpaka zala zinachita dzanzi. Sitinamve kanthu, ndipo makina sanamve kanthu.

Tsiku lachiwiri anapempha buku. Anawerenga za atate, anawerenga zanga, n'kufika pa 2017. Apa ndiyenera kukuuzani chimene sindinachione chofunika kuchitchula kale. Atate ankalemba mzere umodzi pa chaka, chifukwa achule akalira ntchito yatha. Koma akapanda kulira, munthu umalekera pati? Choncho m'mawa uliwonse wa nkhungu, kuyambira Novembala mpaka kutha kwa Januwale, ndinkakwera, ndipo pobwera ndinkalemba tsiku, ola, mmene kasupe akutulutsira madzi, ndi mawu amodzi: chete. Mapepala a atate atatha ndinasokerera makope awiri a ana a sukulu. Ndinkalembanso mtengo ukagwa ndi moto ukadutsa.

Mayiyo anawerenga mizere ya chete ndi chala, ndipo anapeza 214. Anandifunsa kuti, "Nindani anakutumani?" Ndinati palibe. Anati, "Nanga munali kukwerera chani?" Ndinati, "Ndinkafuna kuti tsiku lina ndilembere achimwene tsiku loona." Anatuluka panja, ndipo atabwera maso anali ofiira, akuti ndi utsi wa kukhitchini.

Akuti anthu omuuza kumene achule ali amawapeza, koma wolemba masiku amene achule anasowa sanamupezepo, ndipo popanda zimenezo palibe angatsimikize kuti anatha liti ndiponso zinayamba bwanji. Akuti mwina ndi mitengo, mwina moto, mwina matenda a pakhungu amene akupha achule m'mapiri ena, mwina zonse pamodzi. Ndinamufunsa ngati adzabwerera. Anati sakudziwa, ndipo sadzandinamiza. Ndinati, "Mwachita bwino, bodza la mtundu umenewo ndalilawa, silikoma." Anajambula masamba onse ndi lamya yake, buku n'kundibwezera. Ndinamuonetsanso mbande za katope ndi mwimbi zimene ndakhala ndikubzala m'mbali mwa kasupe. Ndinabzala makumi anayi, mbuzi zandisiyira khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Zoyamika za mayiyo ndazimva, koma si zimene ndikudikira. Ngati simungandikhululukire, ndiuzeni ndi dzanja lanu, ndidziwe pokhala. Za chaka chino ndilibe tsiku lokupatsani. Mpaka dzulo, chete.

Ndine mlongo wanu,
Keziah


Highlands, Livingstone
5 Febuluwale 2023

Mlongo wanga wokondedwa ndi wolemekezeka Keziah,

Ndikupereka moni kwa inu, ndipo ndikupempha kuti mupirire zilembo zazikuluzi. Febby anadzipereka kuti andilembere, koma kalata iyi siyenera kudutsa m'dzanja la wina. Yanditengera masiku atatu.

Dokotala Imwiko anabwera ndi zithunzi za masamba anu, ndipo anandiwerengera mizere yonse 214, pakuti ndinamuletsa kudumpha ngakhale umodzi. Ndinamva za m'mawa umene munakwera muli ndi malungo. Ndinamva za tsiku la Khirisimasi ya 2019, pamene munalemba kuti, "Nkhungu yambiri, kasupe wayamba kuyenda, ndadikira mpaka belu lachiwiri la tchalitchi, chete." Tsiku lomwelo ine ndinali pa khonde pano ndikuuza alendo kuti kwathu achule alira pa nthawi yake monga mwa masiku onse.

Ndinakwiya, ndipo sindibisa. Bodza ndi bodza, ndipo inu mwanena nokha kuti simufuna kuti ndilitche dzina lina. Koma m'masabata amenewa ndaweruza mlandu wonse monga ndinkaphunzitsira ana, kufunsa mboni iliyonse pamene inaimirira. Inu munaimirira pa kasupe. Ine ndinaimirira pati? Kuyambira 1983 ndakhala pa mpando, kukopera mzere umodzi pa chaka, n'kumautcha kaundula wanga. Sindinakufunsenipo kuti phiri lili bwanji. Ndinkafunsa tsiku lokha, monga munthu wofunsa ola kwa wodutsa m'njira. Ndipo pamene ndinali m'chisoni ndinakusenzetsani katundu amene sindikanayenera kusenzetsa munthu aliyense: ndinakuuzani kuti moyo wanga watsamira pa kulira kwa achule. Amene analamula bodzalo ndine, inu munangolilemba.

Mwapempha kuti ndikuuzeni ndi dzanja langa. Ndakukhululukirani masiku asanu. Inu mundikhululukire zaka makumi anayi.

Ndaphunzitsa za akazembe ndi mafumu amene mayina awo analembedwa pa miyala, ndipo ndinkauza ana kuti kukhulupirika ndiko kuima pa malo ako pamene ena athawa. Sindinkadziwa kuti chitsanzo choposa onsewo ndi mlongo wanga, wokwera phiri lopserera ndi mawondo otupa kukamvetsera oimba amene anapita, popanda womutuma ndi popanda womuyamika. Atate analemba zaka za kulira, ndipo inali ntchito yabwino. Inu mwalemba zaka za chete, ndipo ndi ntchito yovuta koposa.

Kaundula ndamutulutsa m'kabati. Ndi inki yofiira imene ndinkachongera mayeso ndadula mizere isanu ija, ndipo pambali pa uliwonse ndalemba mawu anu aja: chete. Mzere wa 2022 ndalembanso chimodzimodzi. Ndasaina chikalata chatsopano. Pa malo a olemba mbiriyi pali mayina awiri, Aleki Kamphinda ndi Keziah Kamphinda. Langa lili pansi, ndipo patsogolo pake ndalemba kuti wokopera. Dokotala anati mawu amenewo ngosafunika. Ndinamukumbutsa kuti mphunzitsi ndani.

Tsopano pempho langa. Febby wapempha tchuthi ku ntchito kwake m'Novembala, ndipo tikubwera. Akuti ndine wokalamba kukwera phiri. Ndamuuza kuti azakhali ake ndi ochepa kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo sindilola kupambanidwa kawiri m'chaka chimodzi. Maso anga sadzaona mitengo imene inadulidwa, ndipo mwina ndi chifundo cha Mulungu, koma makutu ali bwinobwino. Za denga lodontha musavutike, mungondisungira beseni lija. Mundiuze ngati mbande zifunika kutchingidwa ndi minga kapena ndi waya, kuti ndidziwe chobwera nacho.

Mzere wa 2023 ndausiya wopanda kanthu. Tikaudzaza tili awiri pa mwala wa atate, nkhungu ikatsika. Akalira, tidzalemba tsiku. Akapanda kulira, mudzandibwereke cholembera chanu, ndipo mawu amodzi aja ndidzawalemba ndekha.

Ndine mlongo wanu wokunyadirani,
Webster